Nkhomaliro mu Mzinda wa Blantyre: Kuchokera pa Chiwaya Kufikira ku Hotela

Wolemba Mtolankhani Wathu

Nthawi ikakwana 12 koloko masana mu mzinda wa Blantyre, zitseko za maofesi zitseguka, ndipo anthu atsikira mu mseu wa Victoria Avenue ngati madzi a mtsinje wa Mudi pa dzinja. Alipo makalaliki a Boma, alipo a ku mabanki, amesenjala, ndiponso aphunzitsi amene achokera kutali kudzalondola nkhani ya malipiro ao. Onsewa funso lao ndi limodzi: kodi lero tikadya kuti? Kunyumba sangapite ai, pakuti Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi Machinjiri ndi kutali, ola la nkhomaliro ndi limodzi lokha, ndipo minibasi yopita ndi yobwera nayo ifuna ndalama yache. Chotero munthu wa pa nchito, afune asafune, ayenera kugula chakudya chophikidwa ndi munthu amene sali mbale wache.

Ife obadwa m'zaka zino tiona ngati ichi nchinthu wamba, koma makolo athu akadadabwa nacho. Kumudzi nsima siinali malonda. Wapaulendo akafika dzuwa litapendeka ankamlandira katundu, kumpatsa madzi osamba m'manja ndi kumuikira mbale, osamfunsa ngakhale kobiri, pakuti akulu anati mlendo ndi mame. Chimene chinasintha mwambowu ndi tauni. Amishoni a Church of Scotland anakhazikika pano mu 1876. A kampani ya African Lakes anamanga nyumba ya Mandala mu 1882, imene iripo kufikira lero. Njanji inafika mu 1908, ndipo posakhalitsa Limbe anakula chifukwa cha sitima ndi fodya. Amuna anabwera kudzagwira nchito atasiya akazi ao kumudzi. Ena ankalandira phoso kwa mabwana ao, ndiwo ufa, nyemba ndi mchere, nadziphikira okha madzulo. Koma masana njala siinkadikira. Apo mpamene amai anayamba kukhala pafupi ndi zipata za nchito ndi madengu a zitumbuwa, chimanga chophika ndi thobwa, ndipo pambuyo pache panabuka makantini ogulitsa tiyi ndi masikono. Malo odyera amene munthu wamba alowa lero ndi zidzukulu za makantini amenewo.

KHOMO LINA LINALI LOTSEKA

Mbali inayo ya mzinda inali ndi mbiri yacheyache. Hotela ya Ryall's, imene iri mu mseu wa Hannover Avenue, inayambidwa ndi mai wa Chizungu dzina lache Louisa Ryall kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1920, ndipo ikulandirabe alendo mpaka lero. M'masiku a atsamunda, ndiponso m'masiku a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1953, munthu wakuda ankalowa m'mahotela ndi m'makalabu a Azungu monga khukhi, woperekera zakudya kapena wotsuka mbale. Kukhala pa tebulo ndi kuitanitsa chakudya kunali kwa ena, ngakhale munthuyo akhale mphunzitsi wamkulu wodziwa galamala ya Chingerezi koposa odyawo.

Nkhomaliro yotchuka kwambiri m'mbiri ya mzinda uno inadyedwa pa hotela yomweyo. Pa 26 January 1960 Nduna Yaikulu ya Britain, Harold Macmillan, amene anali pa ulendo woyendera maiko a mu Africa, anaitanidwa kukadya kumeneko ndi akuluakulu a tauni. Iye ali m'kati, khamu la anthu linasonkhana panja ndi zikwangwani zokana Chitaganya ndi zofuna kuti Dr. Banda atulutsidwe m'ndende ya ku Gwelo, kumene anamtsekera kuyambira March 1959. Apolisi analimbana ndi anthuwo. Nyuzipepala za ku London zinalemba kuti apolisi anachita nkhanza, ndipo Boma la nthawiyo linaika Jaji Southworth kuti afufuze. Iye anagamula kuti atolankhani anakuza nkhani. Koma chithunzi chinatsala m'mitima ya anthu: olamulira akudya m'kati, eni dziko ali panja.

Ufulu utabwera pa 6 July 1964 zinthu zinayamba kutembenuka. Fakitale ya mowa ya Carlsberg inatsegulidwa m'Blantyre mu 1968, hotela ya Mount Soche mu 1969, ndipo likulu la Boma litasamukira ku Lilongwe mu 1975 kumenekonso kunamangidwa mahotela olandira nduna ndi akazembe. Lero palibe mlonda amene angambweze munthu pa khomo chifukwa cha khungu lache. Chimene chibweza anthu tsopano ndi pepala la mitengo, ndipo ilo silifuna mlonda.

KUMENE AMBIRI ADYA

Tiyambe pansi, pakuti ndi kumene kuli anthu. Pafupi ndi msika wa Blantyre, ku depoti ya Wenela ndi ku Limbe, anyamata akazinga chipisi pa chiwaya, ndipo wogula adya ataimirira, atathira mchere, tsabola ndi kabichi wodula. Nchifukwa chache malowa atchedwa chiimirire. Mtengo uyenda ndi thumba la wodyayo: anena yekha ndalama imene ali nayo, ndipo mnyamata amuyezera. Pambali pache pali kanyenya wa mbuzi. Ena a pa nchito imodzi asonkha ndalama nachita mmemo, ndiko kugula ufa ndi ndiwo pamodzi ndi kupempha munthu mmodzi awaphikire kuseri kwa ofesi kapena kwa galaja. Amakaniko ndi amisiri omanga nyumba audziwa bwino mwambo umenewu, ndipo m'masukulu ena aphunzitsi nawo autengera.

Pamwamba pang'ono pali malesitilanti aang'ono, kawirikawiri a chipinda chimodzi kapena ziwiri, ndipo ambiri mwa iwo eni ache ndi amai. Muno ndimo mudya kalaliki. Pa khomo pali ndowa ya madzi ndi sopo, pa khoma pali bolodi lolembedwa ndi choko: nsima ya nkhuku, nsima ya ng'ombe, nsima ya nyemba, mpunga. Wodya afunsidwa ngati afuna ufa woyera kapena mgaiwa, ndipo masiku ano ofuna mgaiwa achuluka, chifukwa cha malangizo a achipatala. Afunsidwanso ngati afuna nkhuku yachikuda, imene mtengo wache uposa wa nkhuku zoweta m'makola, popeza ikula pang'onopang'ono ndipo nyama yache ndi yolimba ndi yokoma. Pambali pabwera nkhwani wotendera, bonongwe kapena chisoso, monga mwa nyengo yache. Kunena zoona, munthu wofuna kudziwa m'mene Amalawi aphikira ayenera kulowa muno, pakuti m'mahotela ambiri ndiwo zamasamba aziphika ngati kuti akuchita nazo manyazi.

Za malo ogulitsa nkhuku yokazinga ndi pitsa m'masitolo akuluakulu sitinenapo zambiri. Amenewa ndi a pa kutha kwa mwezi ndi a pa Khirisimasi, pamene kholo lifuna kusangalatsa ana. Chakudya chache ncholingana kuli konse, ndipo wodya atuluka thumba litapepuka m'mimba musanadzaze. Oyenera kuwatchula ndi Amwenye, amene akhala m'Blantyre ndi m'Limbe kwa zaka zoposa zana: samusa, chapati ndi mpunga wa kale zinalowa m'kamwa mwa anthu a m'tauni kudzera mwa iwo, kotero kuti mwana wogula samusa pa sukulu lero sadziwa kuti nchakudya cha chilendo.

KODI KU HOTELA TILIPIRA CHIANI?

Funso limene owerenga athu afunsa kawirikawiri ndi ili: bwanji mbale ya nkhuku ndi chipisi ku hotela ilipidwa kangapo kuposa ya ku lesitilanti, pamene mbatata ndi yomweyo ya ku Ntcheu ndi ku Dedza, mpunga ndi womwewo wa Kilombero wa ku Karonga, ndipo tiyi ndi yemweyo wa ku Thyolo ndi ku Mulanje? Yankho lache ndi lakuti chakudya chenichenicho ndi gawo lochepa la mtengowo. Wodya alipira lendi ya nyumba ya pakati pa mzinda, nsalu za pa tebulo ndi ozichapa, alonda a galimoto, makhukhi ophunzira, ena a iwo ochokera ku Malawi Institute of Tourism, ndiponso mafiriji amene sayenera kuzima usana ndi usiku. Pamene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo hotela iri yonse inadalira jenereta ya dizilo. Mai wa lesitilanti anangoonjezera thumba la makala. Mwini hotela anaonjezera mitengo.

Chachiwiri ndi katundu wa kunja. Tchizi, vinyo, mafuta a azitona ndi zokometsera zambiri zichokera ku South Africa ndi kutsidya kwa nyanja, ndipo zigulidwa ndi ndalama za kunja zimene m'mabanki mwathu zisowa. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, eni malo ena analeka kusindikiza mapepala atsopano a zakudya, nayamba kumata timapepala pamwamba pa mitengo yakale. Wodya wochenjera akapapasa ndi chala angathe kuwerenga kuti mtengo wakwera kangati.

Chachitatu ndi msonkho, ndipo apa ndi pamene ambiri apunthwa. Malo aang'ono ambiri sali m'kaundula wa msonkho wa VAT, koma mahotela alimo. Mu 2024 msonkhowu unali K16.50 pa K100 iri yonse, ndipo pamwamba pache panali K1 pa K100 iri yonse ya thumba la zokopa alendo. Tiyerekeze mbale yolembedwa K20,000 msonkho usanaikidwe: VAT inali K3,300, ya zokopa alendo K200, ndipo ngati malowo aonjezera K10 pa K100 iri yonse ponena kuti ndi ya operekera, ndiyo K2,000 ina. Zonse pamodzi zikwana K25,500, osawerengera chakumwa. M'chaka chomwecho malipiro otsikitsitsa amene Boma linakhazikitsa anali K90,000 pa mwezi. Ndiye kuti mbale imodziyo inadya koposa gawo limodzi mwa magawo anai a mwezi wathunthu wa mnyamata amene waibweretsa pa tebulo. Chifukwa chache munthu asachite manyazi kufunsa, asanaitanitse kanthu, ngati mtengo wolembedwawo uli ndi msonkho kale kapena ai. Amene achita manyazi pa chiyambi ndi amene atuluka thukuta pepala la ngongole likafika.

Tisabisenso kuti ambiri a ife ogwira nchito m'Boma tinalowa koyamba m'chipinda chodyera cha hotela chifukwa cha msonkhano wa ofesi, wina atalipira. Misonkhano imeneyi ndiyo mzati wa mahotela ambiri, ndipo nthawi iri yonse pamene Boma lilamula kuti misonkhano ichepe pofuna kusunga chuma, zipinda zodyera zikhala zii. Umenewu ndi umboni wakuti mitengo ya kumeneko siinayezedwe ndi malipiro a kalaliki kapena a mphunzitsi.

ZA CHAMBO

Pa pepala la zakudya la hotela iri yonse chambo chiri pamwamba, ndipo mlendo wochokera kunja auzidwa kuti asachoke m'dziko muno asanachilawe. Koma nsomba imeneyi yachepa kwambiri. Ku nyanja ya Malombe usodzi wa chambo unagwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2018 bungwe la IUCN, limene liwerengera zamoyo za pa dziko lonse, linaika chambo pa mndandanda wa zamoyo zimene ziri pafupi kutheratu. Chifukwa chache chiri m'kaberekedwe ka nsombayi: chambo chachikazi chisunga mazira ndi ana ache m'kamwa, kotero kuti chikakodwa mu khoka la maso aang'ono, msodzi wapha mai pamodzi ndi ana onse. Nchifukwa chache Boma litseka usodzi wa makoka pa nyanja ya Malawi kuyambira mwezi wa November chaka ndi chaka, nthawi imene nsombazi ziswana.

Zotsatira zache zioneka pa tebulo. Nsomba imene kale inali ndiwo ya banja wamba la ku Mangochi tsopano iri ya olemera, ndipo mbanja lomwelo mudyedwa usipa ndi bonya. Ndiponso si nsomba iri yonse yolembedwa chambo imene iri chambo cha m'nyanja. Zina ndi makumba, zina ndi zoweta m'maiwe, zina zichokera kunja kwa dziko ziri zouma ndi chisanu. Nsomba yoweta iribe choipa ai, ndipo kuidya kupumitsa nyanja. Choipa ndi kuigulitsa ndi dzina la inzache pa mtengo wa inzache. Mwini malo woona mtima anganene poyera kuti nsomba yache yachokera kuti, ndipo odya ambiri angamlemekeze pa chifukwa chimenecho.

UKHONDO SUYENDERA MTENGO

Mliri wa kolera umene unayamba mu March 2022 unaphunzitsa dziko lino phunziro lowawa. Pofika pakati pa 2023 anthu oposa 58,000 anali atadwala ndipo oposa 1,700 atamwalira. Mu January 2023 masukulu a m'Blantyre ndi m'Lilongwe anachedwa kutsegulidwa, ndipo kugulitsa zakudya zophikaphika m'miseu kunaletsedwa. Malamulo alipo: malo odyera ayenera kukhala ndi chiphaso cha khonsolo ya mzinda, ndipo ogwira zakudya ayenera kuyezedwa ku chipatala nthawi ndi nthawi. Koma oyendera ndi ochepa, malo ndi ambiri, ndipo wodya ayenera kukhala woyendera wa iye mwini.

Pano tichenjeze za kuganiza kuti chodula chiri chonse nchaukhondo. Chipisi chotuluka m'mafuta owira, munthu akupenya, chingakhale chosaopsa kuposa nyama ya ku hotela imene yakhala maola atatu pa tebulo la aliyense adzitengere, itangofunda, kapena imene inagona m'firiji yozima. Choopsa pa chiwaya ndi kabichi wosaphika uja, madzi otsukira mbale amene asinthidwa kamodzi pa tsiku, ndi mafuta akuda amene akazingidwa masiku ambiri. Ku lesitilanti munthu ayang'ane ngati madzi osamba m'manja ali othira kuchokera m'ndowa ya mpopi, osati beseni limodzi losambamo onse. Ku hotela, kumene khichini liri kuseri kwa chitseko, chizindikiro chosanama ndi chimbudzi: kumene chimbudzi chiri chauve, khichini siliri loyera.

NSIMA NDI FOLOKO

Ine wolemba nkhani ino ndinatenga aphunzitsi anga akale, amene anandiphunzitsa ku sekondale ya mishoni ndipo tsopano anapuma pa nchito, kukadya nao ku hotela ina imene sinditchula dzina. Tinakhala nthawi ndithu osafunsidwa kanthu, pamene alendo a kunja amene analowa pambuyo pathu anali atalandira kale zakumwa. Mnyamata woperekera atafika anayamba ndi Chizungu chothamanga. Aphunzitsi anamyang'ana, namfunsa, "Mwana wanga, kwanu nkuti?" Iye anati, "Ndi ku Dedza, bambo." Iwo anati, "Tsono tiyankhule cha kwathu. Undipatse nsima ya chambo, ndiponso madzi ndisambe m'manja, pakuti minga ya nsomba siimva foloko." Mnyamata anaseka, napepesa kuti akuluakulu ao anawalangiza kuyamba ndi Chizungu kwa munthu ali yense wobvala jekete. Madzi anabwera ofunda, ndi kansalu kopukutira.

Poyamba ndinamkwiyira mnyamatayo chifukwa chotichedwetsa, koma pocheza naye ndinamva kuti aweruka usiku, minibasi zitatha, ndipo athamangira alendo a kunja chifukwa iwo ndi amene asiya kangachepe pa tebulo. Mwambo wosiya kangachepewo sunazike mizu pakati pathu, ndipo ambiri tiyesa kuti ndalama ya operekera yolembedwa pa pepala ifika kwa iwo yonse, chinthu chimene wodya sangachione ndi maso. Wofuna kuthokoza amene wamtumikira bwino achita bwino kumpatsa m'manja mwache.

KOPE LA NGONGOLE

Tibwerere ku lesitilanti yaing'ono ija, pakuti pali chinthu chimene owerenga athu ambiri achidziwa koma sachinena. Pansi pa kauntala mai mwini malo asunga kope la ana a sukulu, ndipo tsamba liri lonse liri ndi dzina la munthu wa pa nchito: uyu wa ku ofesi yakuti, uyu mphunzitsi wa pa sukulu yakuti. Kuyambira pakati pa mwezi ambiri adya polemba, kuti adzalipire malipiro akatuluka. Palibe chikole, palibe chiongoladzanja, palibe siginecha. Chimene chiripo ndi nkhope yodziwika. Hotela siingachite zimenezi kwa kalaliki, ngakhale banki siingatero.

Malipiro akachedwa, monga zichitika nthawi zina kwa aphunzitsi, woyamba kumva kuwawa kunja kwa banja lao ndi mai ameneyu. Ndiponso alipo ena amene kope likadzaza asintha njira, nayamba kudutsa mseu wina kukadya kwina, ndipo akasamutsidwa kupita ku boma lina achoka osatsanzika. Mai uja sangapite nao ku khoti chifukwa cha mbale makumi awiri za nsima. Iye adzuka 4 koloko m'mawa kupita ku msika, kumene wogulitsa nyama, wa makala ndi wa ku chigayo onse afuna ndalama pamanja, ndipo pofika 12 koloko nsima iyenera kukhala itapsa, pakuti a m'kope aja akubweranso.